Khwe wa pa Mphindi Ziwiri

Kuchipinda cha kuseri kwa shopu ya telala, pakati pa makina osokera ndi mulu wa mathalauza omwe eni ake anaiwala kudzatenga, mlamu wake wa telalayo, mchemwali wa akazi ake, mayi wodziwa makompyuta koma wosadziwa nthabwala, anali atayala laputopu pa tebulo lositira. Ankasamutsa bwalo la pa intaneti la anthu okonda nyimbo za gulu la Nyali Zitatu, lomwe telalayo analiyambitsa zaka khumi ndi zinayi zapitazo, kulichotsa pa pulogalamu yakale imene eni ake anati aizimitsa folo koloko masana omwewo.

"Zonse zalowa ku pulogalamu yatsopano, alamu," anatero mayiyo osadzutsa mutu. "Mamembala, zithunzi, mawu a nyimbo. Yatsala nkhani imodzi."

"Iti?" anafunsa telala, mapini ali kukamwa.

"Ya mutu wakuti, 'Kodi chikulira n'chiyani pa mphindi ziwiri ndi masekondi khumi ndi anayi?' Ili ndi ndemanga 8,422."

Telala analavulira mapini m'manja. "Imeneyo simuitchula kuti nkhani imodzi. Bwalo lake ndi limenelo. Zinazo ndi mpendero chabe."

"Ikukana kulowa. Pulogalamu yatsopanoyi siilandira funso lopanda yankho. Pali kabokosi apa. Tichonge ndemanga imodzi kuti ndiyo yankho lolondola, nkhaniyo ilowe."

"Ikalowa?"

"Itsekedwa. Funso loyankhidwa salionjezera."

"Tikapanda kuchonga?"

"Folo koloko ifufutika pamodzi ndi pulogalamu yakale. Kwatsala mphindi makumi anayi. Ndiye chikulira n'chiyani?"

Telala anamuyang'ana ngati wamufunsa zaka za apongozi ake. Anakoka kampando, nakhalapo, nayamba kufotokoza ndi mawu a mwamuna wopirira.

"Mu nyimbo ija ya Sitima Yachedwa, gitala akangoti zii, ng'oma isanabwerere, pamamveka khwe. Ena amati woimba ng'oma anatsokomola. Amenewo ndi Achifuwa. Ena amati chitseko cha situdiyo chinalira. Amenewo ndi Achitseko, anthu a makutu."

"Chabwino. Inu muli mbali iti?"

"Ine ndine wapampando. Sindikondera."

"Mwangoti anthu a makutu."

"Kunena zoona si kukondera."

"Ndiye ndichonge chitseko." Dzanja la mayiyo linapita pa mausi.

"Aa, aa, aa." Telala anagwira chingwe cha mausiyo. "Achemwali anu ndi Achifuwa. Ndi mtsogoleri wawo. Mukufuna ndizikagona mu shopu muno?"

"Ndiye ndichonge chifuwa."

"Bodza lija? Ine ndili moyo?"

Mayiyo anachotsa magalasi, nawapukuta ndi kansalu kotsala ku diresi la munthu, nawavalanso. Anali munthu wokhulupirira kuti chilichonse chili ndi mzere wake, ndipo chikasowa mzere ndiye kuti wina sanawerenge malangizo.

"Tiwerenge mavoti. Mbali yochuluka yapambana." Anadinadina. "Achifuwa, 4,200. Achitseko, 4,200." Anaima. "Zimenezi sizichitika zokha."

"Ayi, zokha sizichitika," anavomera telala monyadira. "Lamlungu lililonse ndimayeza. Mbali ina ikatalika ndimaonjezera inayo. Thalauza la miyendo yosiyana silivalika."

"Ndiye kuti munalembapo za chifuwa inunso?"

"Ndi dzanja lamanzere. Mtima sunalipo."

"Nanga ndemanga 22 zotsalazi?"

"Zopepesa maliro, makalata awiri a ukwati, ndi bambo wina wogulitsa firiji."

"Tichonge wa firijiyo. Sali mbali iliyonse."

"Alamu, mukufuna mbiri ilembe kuti khwe uja ndi firiji ya zitseko ziwiri, yogwira bwino, mtengo tikambirana?"

"Pulogalamu siiwerenga. Ikungofuna chochonga."

"Pulogalamu siiwerenga, koma adzukulu adzawerenga."

Wotchi ya pakhoma, ija telala ankaiika patsogolo makasitomala akachedwa ndi kuibweza m'mbuyo iye akachedwa, inali pa hafu pasiti fili. Lero lokha inkanena zoona.

"Bwanji osangofunsa eni nyimbo?" anatero mayiyo. "Woimba ng'omayo ali kuti?"

"Anatisiya. Anapita nacho chifuwa chake, ngati anali nacho."

"Chitsekocho?"

"Situdiyo anaigumula. Pano pali malo otsukira magalimoto. Achitseko timapitako chaka chilichonse kukaima pomwe chinali."

"Mwati timapitako."

"Ndimawaperekeza monga wapampando."

"Woimba wamkulu ali moyo?"

Nkhope ya telala inagwa. "Ali moyo. Analowa m'bwalo muno yekha, chaka chachisanu ndi chimodzi. Tinakondwa, ena analira. Tinamufunsa. Mukudziwa anati chiyani? Anati, 'Ine sindikumvapo kanthu pamenepo.'"

"Ndiye yankho ndi limenelo. Ndemanga yake ili pati?"

"Tinaifufuta. Iyenso tinamuthamangitsa."

"Munathamangitsa mwini nyimbo m'bwalo la okonda nyimbo zake?"

"Mbali zonse ziwiri zinagwirizana. Sizinachitikenso chiyambire. Kuimba nyimbo ndi kwina, alamu, kuimva ndi kwina. Ine ndimasoka masuti koma ya pa ukwati wanga ndinachita kubwereka."

Mayiyo analemba kenakake pa kapepala, nakafufuta. "Tiigawe pawiri. Nkhani ya Achifuwa payokha, yankho chifuwa. Ya Achitseko payokha, yankho chitseko. Aliyense wapambana."

"Aliyense wapambana ndani? Munamuonapo munthu akukangana ali yekha m'chipinda? Kapena tisinthe mutu wake basi, lisakhale funso."

"Sizitheka. Bwalo lakale ndinalitseka m'mawa kuti pasasinthe kanthu tikusamuka. Palibe angalembe, palibe angasinthe. Kugawa kuja kukanathekera kuno kwatsopano, koma mwakana."

"Tsegulani."

"Silitsegukanso. Ndinakufunsani katatu, munati ee."

"Ndinali ndi mapini kukamwa. Munthu wa mapini kukamwa amavomera chilichonse."

Fani inkagwedeza mutu ngati nayonso ikukana. Telala anatola choko chosokera, nachizunguza m'zala. Atalankhulanso, mawu ake anali atatsika.

"Achemwali anu ndinawadziwira m'nkhani imeneyi. Ndemanga ya nambala 312. Analemba kuti, 'Wapampando ndi wogontha ngati chitseko chake chomwecho.' Ndinawerenga kasanu. Ndinadziwa kuti ndapeza mkazi. Kuyambira pamenepo, ana omwe tinabwera nawo m'banjamo anakula, anachoka, nyumba inatsala ya anthu awiri. Tikakhala pa tebulo, iwo amati khwe, akugwira pakhosi. Ine ndimati khwe, ndikuloza chitseko. Mpaka mbale zitatha. Mukatseka nkhaniyi, ine ndi iwo tizikambirana chiyani? Ndikuopa, alamu. Ndikunena poyera."

Mayiyo anamumvetsera mpaka kumapeto, nagwedeza mutu mwachifundo.

"Ndemanga 312 ndi ya chifuwa," anatero. "Ndichonge imeneyo?"

"Mwamva zimene ndanena?"

"Ndamva. Mwatchula nambala."

Telala anaimirira, nayenda mpaka pa chidole choyezera madiresi, nachiyang'ana ngati chingamuthandize. "Kodi inuyo nyimboyi munaimverapo?"

"Ayi. Ntchito yanga ndi kusamutsa. Wonyamula katundu satsegula masutikesi."

"Zaka zonsezi mukudya kwathu?"

"Mukayamba khwe ndimapita kukatsuka mbale." Anayang'ana wotchi. "Koma kabokosi kakuti yankho lolondola. Ngati palibe akundiuza, ndilipeza ndekha. Ndipatseni mahedifoni."

Telala anawatulutsa mu dirowa ya mabatani, atakulungidwa mu nsalu yofewa, nawapereka ndi manja awiri. Mayiyo anavala, nadina, nakhala osagwedezeka ngati akujambulitsa chithunzi cha chiphaso. Patapita mphindi ziwiri ndi masekondi khumi ndi anayi, chikope chake chimodzi chinagwedezeka. Anabweza. Anabwezanso.

"Chitseko, eti?" ananong'ona telala.

"Ayi."

"Musandiuze kuti magazi akukoka."

"Si chifuwa."

"Nanga?"

Mayiyo anavula mahedifoni pang'onopang'ono. "Ndi machesi. Munthu akuyatsa machesi."

Telala anakhala pa mulu wa mathalauza. "Machesi."

"Koyamba akulephera. Mukamvetsera bwino, pambuyo pa khwe pali kafuu kakang'ono. Ndi moto ukugwira."

"Anthu mazana anayi, zaka khumi ndi zinayi, palibe anatchulapo machesi."

"Ndiye kuti anthu mazana anayi samva."

"Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma apa mwatimeta ndi khutu lomwe. Mu situdiyo ayatsiranji machesi?"

"Gulu lake ndi Nyali Zitatu kapena ayi? Ndani ankaziyatsa?" Anavalanso mahedifoni. "Dikirani, ndimvenso."

"Alamu, nthawi."

"Shh."

"Kwatsala mphindi zisanu ndi zinayi."

"Apo. Fuu. Mwamva?"

"Ndimva bwanji, mahedifoni ali kwa inu? Chongani kenakake nkhani ilowe."

"Ndichonge chiyani? Mu ndemanga 8,422 mulibe ya machesi."

"Chongani chitseko. Ndikagona mu shopu, palibe kanthu, nsalu zilipo."

"Si chitseko."

"Chifuwa ndiye."

"Munati ndi bodza. Pamenepo pokha munalondola."

"Firiji. Chongani firiji, adzukulu adzamvetsa."

Mayiyo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kabokosi kakuti yankho lolondola, alamu. Sikakuti yankho lililonse. Ine sindinayambe ndanamizapo kompyuta."

"Munati pulogalamu siiwerenga."

"Nthawi imeneyo ndinali ndisanamve."

"Lembani ndemanga yanu ya machesiyo, muichonge."

"Bwalo lakale ndi lotseka."

"Analitseka ndani?"

"Ine. Ndipo ndinalitseka bwino." Anabweza nyimbo kachisanu ndi chiwiri. "Komanso sindine membala. Malamulo anu akuti watsopano adikire miyezi itatu asanalankhule za khwe."

"Ndikuchotsa lamulolo pompano."

"Pakufunika msonkhano wa komiti. Ndime yachinayi. Ndinawerenga posamutsa."

Wotchi inali itatsala ndi mphindi zitatu. Telala anatuluka thukuta m'malo omwe sankadziwa kuti mumatuluka thukuta. Anayesa kuzungulira tebulo, mayiyo anatchinga laputopu ndi chigongono. Anayesa mbali inayo, napunthwa pa chingwe cha simbi.

"Alamu, ndikugwadireni? Muli ukwati wanga m'menemo. Muli anthu asanu ndi awiri amene anamwalira, mawu awo atsala m'menemo mokha. Itsekedwe, koma ikhalepo. Ndiziiwerenga ngati kalata."

"Mverani kaye fuu, kenako tikambirane."

"Taonani, kasitomala walowa ndi mwana, akugwira chikwama chanu."

Mayiyo anatembenuka, chifukwa munthu wosadziwa nthabwala sadziwanso bodza. Telala analumphira mausi. Anapita pa ndemanga 312, natseka maso, nachonga.

Kamzere kobiriwira kanayenda pa sikirini, kanaima pakati ngati kakuganiza, kenako kanafika kumapeto. Wotchi inagunda folo.

"Kulibe kasitomala," anatero mayiyo akubwerera. Anayang'ana sikirini. "Mwachonga chifuwa."

"Ndachonga akazi anga."

"Mwachonga bodza."

"Ndikudziwa." Telala anabwerera pa kampando kake ngati munthu wochokera kumanda. "Yalowa?"

"Yalowa yonse. Yatsekedwa. Uthenga wapita kale kwa mamembala onse kuti funso layankhidwa."

"Basi. Achifuwa apambana. Madzulo ano tikadya ngati anthu odikira basi. Iwo akati khwe, ine ndikati inde, mayi." Anapukuta m'maso ndi mpendero wa thalauza la mwini wake. "Mundisiye pang'ono."

Mayiyo sanamusiye, chifukwa sanamve n'komwe. Anali atatsegula tsamba lolembetsera umembala, akulemba dzina lake ndi zala zonse khumi. Kenako laputopu inalira ting'.

"Munthu watsegula nkhani yatsopano," anatero. "Yoyamba m'bwalo latsopano. Wandipitirira."

"Ndani?"

"Achemwali."

"Akundithokoza. Musawerenge, mtima wanga sungathe."

Mayiyo anawerenga, chifukwa zinali zolembedwa. "Akuti, 'Ndaona wapampando wachonga ndemanga yanga. Chinthu chimene bambo amenewa avomereza sichingakhale choona. Ndamveranso kawiri. Ndi chitseko.'"

Telala anadzutsa mutu. "Ati chiyani?"

"'Ndi chitseko. Aliyense wa makutu akudziwa.'"

Telala anaimirira. Anachotsa tepi yoyezera m'khosi, naipachika pa chidole, napinda manja a malaya, loyamba kenako linalo, mosamala ngati akupita kukatsuka mbale za paukwati. Nkhope yake inkawala.

"Ndikuwayankha ndine," anatero mayiyo, atagwira laputopu mbali zonse ziwiri. "Ndi machesi."

"Inu mudikire miyezi itatu, ndime yachinayi. Sunthani, alamu. Mkazi ameneyu samva. Chifuwa chili poyera chonchi, iye n'kumati chitseko?"