Tsiku Limene Ine ndi Alamu Anga Tinaona Insulini

Olemekezeka wapampando wa bungwe loyang'anira sukulu ino, olemekezeka mkulu wa sukulu ndi achiwiri anu, mkulu wa nthambi ya kemisitiri ndi bayokemisitiri, mayi woyang'anira laibulale pamodzi ndi anzanu, aphunzitsi, amisiri amene mwayala mawaya m'nyumba muno, makolo, ndi inu ophunzira amene mwadzaza mpaka m'mawindo, landirani moni wanga ndi ulemu wonse.

M'mawa uno ndayenda m'chipinda chatsopanochi, ndipo kunena zoona ndazizwa. Ine ndinaphunzira sayansi nthawi imene buku limodzi tinkalimbirana kalasi yonse, ndipo tsamba limene unkalifunitsitsa ndi limene unkapeza litang'ambika. Lero mwana angokhala pampando n'kugogoda mabatani, ntchito ya akatswiri a dziko lonse lapansi n'kufika pamaso pake ngati waiitana ndi dzina. Komatu khomo limene nzeru zikulowera, bodza nalo likulowera lomwelo. Ndiloleni tsono ndikuuzeni za alamu anga.

Alamu angawa ndi amuna a mng'ono wanga, telala wa m'mphepete mwa msewu, munthu wanthabwala zosatha. Ali ndi matenda a shuga, ndipo amadzibaya insulini tsiku ndi tsiku. Chaka chatha mng'ono wangayo anandiimbira foni akulira. "Achemwali, bwerani msanga. Bambo a kuno asiya jekeseni."

Ndinawapeza pa makina awo osokera ataonda, chigubu cha madzi chili pambali, akulimbana ndi kulowetsa ulusi pa singano chifukwa maso anali atachita nkhungu. Ameneyu ndi munthu amene kale ankalowetsa ulusi akucheza, osayang'anako n'komwe.

"Alamu, mwadzivutitsa chabe," anatero akundipatsa foni yawo. "Taonani apa. Timadontho iti tikuchiza shuga kotheratu. Si ine ndanena, ndi kafukufuku."

Patsambalo panali bambo wovala zoyera akumwetulira, mawu akuluakulu a sayansi, ndi dzina la kafukufuku pansi pake. Chikomekome cha mkuyu! Nditawachenjeza, anandiyankha kuti, "Alamu, inu munapuma ntchito. Sayansi yanu ndi ya dzana, iyi ndi ya lero."

Sekani ndithu, koma ine tsikulo sindinaseke, pakuti ndakalambira m'labotale ya chipatala, ndipo ndikudziwa kumene njira imeneyo imakathera. Ndinangoti, "Chabwino, tiyeni tikaifunse sayansi ya leroyo."

Tinabwera pasukulu pano, m'kachipinda kakale kaja ka kompyuta imodzi, kamene ena mwa inu mukukakumbukira ndi kutentha kwake. Mayi woyang'anira laibulale anatitsegulira nkhokwe ya kafukufuku, kumene kumasungidwa zolemba zimene akatswiri ena anayamba aziunika zisanasindikizidwe. Tinalemba dzina lija, ndipo kafukufukuyo anapezekadi. Alamu anawomba m'manja: "Ndinanena ine!"

Koma pamwamba pake panali chidziwitso chofiira. Magazini imene inamusindikiza inali itamuchotsa, chifukwa akatswiri ena atabwereza ntchitoyo sanapeze zimene mwini wake ananena. Titawerenga bwino, tinapezanso kuti mankhwalawo anawayesa pa maselo m'kambale ka galasi, sanawayesepo pa munthu.

Alamu anafunsa motsitsa mawu, "Nanga chimene ndimadzibayacho n'chiyani kwenikweni? Ine ndimangoona timadzi."

Mayi aja anatsegula nkhokwe ina, yosunga maonekedwe a mapuloteni. Olemekezeka, insulini inatulukira pa galasi la kompyuta: timaunyolo tiwiri topiringizika, tolumikizana mwaluso, ndipo ukakoka ndi dzanja inkatembenuka n'kukuonetsa mbali iliyonse. Moyo wanga wonse ndinkaidziwa ngati chojambula cha m'buku, ndipo ndinali ndisanaionepo kumbuyo kwake. Kanthu kochepetsetsa koti maikulosikopu ya m'kalasi singakaonetse, anthu anatha zaka akufufuza pamene atomu iliyonse imakhala, ndipo atapeza sanabise, anaika poyera kuti ngakhale telala ndi mayi wopuma ntchito adzaone.

Alamu anasendeza mpando, mphuno pafupi ndi galasi. "Mapindidwe awa! Misoko iyi! Alamu, apa palibe polakwika ngakhale pamodzi. Ndiye ine ndimati ndisinthanitse chimenechi ndi timadontho ta munthu wosamudziwa?"

Kuchoka pamenepo sitinapite kunyumba, tinalunjika kuchipatala. Adokotala anati shuga anali atakwera moti tikanazengereza pang'ono, bwenzi tikunena zina. Lero alamu ali pa makina awo, ndipo kasitomala akangoyamba za mankhwala a pa foni, amaimitsa makina n'kumufunsa kuti, "Anaunika ndani?"

Ophunzira inu, funso limenelo mulitenge. Chilichonse chimene mwapeza pa intaneti muchifunse kuti analemba ndani, anaunika ndani, chinatuluka liti, ndipo ena atabwereza anapeza chiyani. Mukaona kuti amene akukuphunzitsaniyo ndi yemwenso akukugulitsani, bwererani m'mbuyo. Musakhutire ndi chidule cha pamwamba. Tsikirani kumene akufotokoza mmene anayesera, pakuti choona ndi bodza zimasiyanirana kumeneko. Ndipo mukasokonezeka, ogwira ntchito m'laibulale muno sali pano kuti azingokuletsani phokoso ayi. Safunsa anadya phula. Mawa lino zimene mwawerenga muno zidzasanduka mankhwala m'dzanja la wodwala ndi madzi m'kapu ya mwana, ndipo iwowo sadzakhala ndi mpata wofufuza, adzangokukhulupirirani.

Ndithokoze bungwe limene linalota chipindachi, aphunzitsi amene anasankha nkhokwe zodalirika, ndi amisiri amene manja awo aimika zonse tikuonazi.

Tsopano, mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti chipinda cha kafukufuku wa kemisitiri ndi bayokemisitiri pa intaneti chatsegulidwa kuyambira lero. Lowani, ana anga, mukadabwe. Ndipo mukatha kudabwa, mukafunse.

Zikomo kwambiri nonse.