Mawu a Mayi Anga Anali mu Kompyuta Yozima

Abale ndi alongo mwa Ambuye, muli bwanji? Ndine Esnati Mbewe wa ku Nsefu. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene ndinkaona ngati ntchito yanga ya zaka zinayi yapita pachabe.

Mpingo wathu unandituma kusonkhanitsa nyimbo za Chikunda zimene akuluakulu ankaimba kale m'tchalitchi. Ndinkapalasa njinga mudzi ndi mudzi kujambula mawu awo pa foni, n'kumasunga zonse mu kompyuta yakale ya kutchalitchi. Ena mwa oimbawo anatisiya, kuphatikizapo mayi anga.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kompyuta ija inayamba kuzima yokha. Poyamba inkapirira ola limodzi, kenako mphindi zochepa, mpaka inakaniratu kuyaka. Bambo wina wokonza mafoni atangoiyang'ana anati hadi diraivi, mosungira zonse, yafa. Ine ndinali ndisanakopere nyimbozo kwina kulikonse, ndipo pa foni ndinali nditazifufuta kuti malo apezeke. Ndinalira ngati mayi amwalira kachiwiri, ndipo kwa milungu itatu ndinkakhala pa benchi yakumbuyo m'tchalitchi chifukwa cha manyazi. Pemphero langa linali lalifupi: "Ambuye, ndibwezereni mawu a mayi okha."

Lamlungu lina kunabwera mlendo, Mayi Tembo, amene amakonza makompyuta kufupi ndi bwalo la ndege la Mfuwe. Atamva nkhani yanga anandifunsa kuti, "Amama, isanazime inkalira kuti tiki-tiki mkatimo?"

Ndinati ayi, koma inkanunkha ngati waya wopserera.

"Ndiye musalire msanga," iwo anatero. "Hadi diraivi ikamafa imagogoda. Apa ndikukayikira pawa sapulayi, kabokosi kogawa magetsi."

Atatsegula kompyutayo, tinapeza kuti mavu anamanga chisa chadothi pa fani yoziziritsa kabokosiko. Fani itasiya kuzungulira, kabokosiko kanatentha mpaka kupsa. Loweruka m'mawa Mayi Tembo anabwera ndi kabokosi kena n'kukamangirira. Atadina batani, kompyuta inayaka. Ndinatsegula nyimbo yoyamba, ndipo ndinamva mayi akutsokomola pang'ono, kenako n'kuyamba kuimba. Ndinagwada pansi pomwepo. Mayi Tembo sanachoke mpaka nditakopera zonse pa mafulashi awiri, tizipangizo tosungira zinthu za mu kompyuta.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatuma munthu wodziwa kufunsa asanaweruze. Abale anga, wina akakuuzani kuti zatha, musafulumire kukumba manda. Pempheranibe, funsaninso kwa ena, ndipo musasiye kubwera kutchalitchi ngakhale mutakhala kumbuyo. Ambuye amaona ndi mabenchi akumbuyo omwe. Ameni.