Pikapu Imene Anati Yafa

Alamu anga a Bizwick anagulitsa pikapu ya malemu amuna anga ngati zitsulo zakutha, ati makaniko waiona, giyabokosi yafa. Lachiwiri pa siteji ya Golomoti ndinamva amuna awiri osadziwana akucheza pambali pa pikapu yomweyo, itadzaza mpunga wa ku Bwanje.

"Akulu, nkhalambayi ndi yanu? Ikukokabe?"

"Ikukoka. Ndinaigula ngati mtembo. Wogulitsayo ankati chiwongolero chikuuma pokhota, matayala akulira, galimoto ikudumphadumpha."

"Imeneyo ndi giyabokosi, achimwene."

"Nanenso ndinaopa. Koma ndinamufunsa, imauma pa fumbi kapena pa tala? Ati pa tala pokha."

"Ndiye?"

"Ndinayang'ana kandodo kakang'ono kaja ka pambali pa giya. Kanali m'giya ya m'matope. Munthuyo anatuluka nayo m'minda ya mpunga osachotsa, n'kuyenda pa tala mpaka ku Mtakataka, matayala onse anayi akukoka. Pa fumbi tayala limaterereka, zitsulo zimapuma. Pa tala zimapanikizana."

"Munakonza bwanji?"

"Ndinaibweza chambuyo pang'ono pa fumbi, kandodo kanamasuka. Mahabu, zotsekera zija za pa matayala akutsogolo, ndinatsegula ndi dzanja. Sipanala sindinaigwire n'komwe."

"Wogulitsayo munamuuza?"

"Akanamva nthawi yanji? Anali pa changu, ati ichoke pakhomo mayi wamasiye asanaweruke kumunda."

A Bizwick, mayi wamasiyeyo ndine, ndipo kuwerenga mumadziwa. Ndiyankheni: makaniko amene anaiona uja dzina lake ndani?