Mpando wa Mkwati M'boti

Pamzere wodikira basi, mayi wogulitsa maluwa anasuzumira m'chikwama cha mtsikana amene anali patsogolo pake.

"Iii, mwanangu, diresi laukwati limodzi ndi jekete yoyandamitsa pamadzi?"

"Tikamangitsira ukwati m'boti, mayi. Loweruka likubwerali."

"M'boti! Abale onse akakwanamo?"

"Limangonyamula anthu khumi ndi awiri. Ndinalemba maina bwinobwino: ine, abusa, makolo, azakhali. Dzulo bwenzi langa wawerenga n'kufunsa kuti, 'Nanga ine ndikakhala pati?'"

"Mayo ine, kuiwala mkwati! Ndiye watsitsa ndani?"

"Apongozi aakazi. Ndinapita kukawauza ndekha."

"Sanakukalipire?"

"Ayi ndithu! Kani amaopa madzi, sabata yonse chakudya sichimalowa. Anandikumbatira, mayi, koyamba chidziwirane, n'kunena kuti, 'Mwana wanga, wandipulumutsa. Ndikakuimbirani nthungululu ndili pamtunda.'"