Phala limene ndinaphikira mlamu wanga

Masiku amenewo, msewu wa ku Boma udakali wafumbi, dokotala anali ngati Mulungu wachiwiri, ndipo ife akumudzi tinkamuyankha titagwada. Iwe Tamanda, poti wasankhidwa kukaphunzira zaudokotala, siya foniyo undimvere.

Mlamu wanga Nabanda, mkazi wa achimwene anga, anachitidwa opareshoni pobereka, ndipo womudikirira kuchipatala ndinali ine. Anatsitsimuka bwinobwino, mpaka kumandiseka kuti ndikumusowetsa tulo ndi mkonono. M'mawa ndinamuphikira phala, anamwa, kenako anamuika magazi, koma botolo lisanathe n'komwe munthu anayamba kunjenjemera ndi kubuula msana, anamwino ali piringupiringu, Chingerezi chokhachokha. Dzuwa lisanalowe anali atatisiya.

Kwathu ku Msakambewa uthenga unafika wina, wakuti Nabanda wafa atangomwa phala langa. Pamaliro, wofotokoza za matenda anatchula phalalo kawiri, anthu onse maso pa ine. Paja mukudziwa, ana inu, kuno munthu safa chabe. Ndinabwerera kuchipatala wapansi, ndinamugwadira dokotala amene anamuchita opareshoni: "Bambo, kwathu akuti ndapha munthu. Tandiuzeni chamupha." Iye osandiyang'ana n'komwe, akuti, "Tinayesetsa mayi, zinazi n'za Mulungu." Za Mulungu! Mulungu ndiye anapachika botolo lija?

Achimwene anandilanda m'manja khanda limene Nabanda anasiya, n'kundiuza kuti ndisadzapondenso pakhomo pawo, ndipo kuchigayo amayi ankasuntha malichero awo ndikafika.

Koma mlandu suwola. Nditamera kale imvi, pamsonkhano wa mpingo pa Mponela, dokotala uja, atakalamba naye, anandizindikira n'kundikokera pambali. Akuti, "Mayi, pepani, magazi aja anali a wodwala wina. Tinadziwa tsiku lomwelo, koma tikanaulula ntchito ikanatha." Ha! Ndinapsa mtima, ndipo lero lomwe ndikakumbukira mtima umawira. Iye anasunga ntchito yake, ine ndinataya mbale wanga.

Inu amakono mumati zinasintha, odwala ali ndi ufulu, koma "tinayesetsa" uja ndimamumvabe pamaliro. Kulakwa amalakwa aliyense, mdzukulu wanga, chimene sindikhululuka ndi kutseka pakamwa wosalakwa akusenza mlandu. Dzanja likadzakuphonya, udzatuluke, ukauze abale a wodwalayo maso ndi maso, ngakhale mawu akunjenjemera. Usadzachedwe. Tsiku limene dokotala uja ankandipepesa, achimwene anali atagona kale kumanda, ndipo anapita akunditcha mfiti.