Nkhwangwa ya Apongozi Anga ku Masasa

Kale, Ching'ambo yino isanadzaze nyumba chonchi, ine ndinali msilikali wachinyamata wochokera ku Dowa, ndipo musandiyang'ane mimbayi ana inu, nthawi imeneyo ndinali wowongoka. Mwandifunsa ngati asilikali a masiku ano amagwirabe nkhwangwa, koma ndikuuzeni kuti popanda nkhwangwa agogo anu aakazi akusankha nyemba pakhondepo sindikanawakwatira.

Ndinawakonda agogo anuwo, NyaMhango, mpaka kuwonda nawo, koma bambo awo ku Masasa sankafuna n'kumva komwe za mkamwini wamfuti. Tsiku lokaonekera ndinapita nsapato zikunyezimira, ndipo mkuluyo anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mfuti siiphika chakudya, mnyamata," anatero. "Mbavi iyi, nkhwangwa m'chinenero chanu. Kandidulire mtengo uwo."

Mudzi wonse unasonkhana, ana atazungulira mtengowo ngati kuli gule, NyaMhango akusuzumira pazenera. Sindikunama, ndinkadziwa kuti ndikalephera apa ndibwerera kukampu ndili mbeta yaimuna.

Tsono kuusilikali, ana inu, mfuti tinkawombera mwa apo ndi apo, koma chikwanje, fosholo ndi nkhwangwa zinali za tsiku ndi tsiku: kulambula njira m'tchire, kudula mitengo ya misasa, kuwaza nkhuni za kukhitchini. Ndipo sajeni wathu anatikhomerera chinthu chimodzi m'mutu, kuti chida chilichonse ukapatsidwa, uyambe wachiyang'ana usanachigwiritse. Manja anangochita okha. Ndinaitembenuza nkhwangwa ija, kuigwedeza, ndipo chitsulo chinali gwedegwede mumpini, choti kungoponya kamodzi chikanauluka n'kukatera pa mwana wa munthu.

Ndinauza ana aja kuti asunthire kutali, ndinagogoda mpini pamwala mpaka chitsulo chinakhazikika, kenaka ndinakweza manja kuti ndiyambe kudula.

"Basi, basi!" anakuwa mkulu uja, akuseka mpaka kutsokomola. "Usandiphere mtengo wanga wa mapeyala! Awiri anabwera iwe usanabwere, onse anangofikira kuponya, ndinachita kuwagwira mkono. Yewo chomene, mwana wanga, lowa m'nyumba."

Nkhwangwayo anali ataikhwefula dala, nkhalamba yochenjera ija!

Lero msuweni wanu Tiwonge ali kuusilikali, amandiuza za tindege topanda woyendetsa ndi zina zoti mutu wanga sugwira. Nkhwangwa ndi mikondo sapita nazonso kokamenyana, zimenezo zinatha. Koma nditamufunsa chimene amanyamula akamalowa m'nkhalango, anaseka: "Chikwanje, agogo, ndipo sajeni amayamba waona ngati chili cholimba."

Ndiye inu, kaya mudzagwira mfuti, kaya chiwongolero, kaya foni zanuzi, muziyamba mwayang'ana chimene chili m'manja mwanu ndi amene aima pafupi. Mtengo uja ulipobe ku Masasa, ndipo mapeyala mukudyawa achokera momwemo.