Manja a Osenza Madengu

Pa siteji ya Lisungwi, patangotha chaka chichitikire chisankho cha matipate, mayi wogulitsa manachesi ndi bambo wina wovala jekete ankadikira matola.

"Bambo, mwamva kuti mitengo ya mango ya pamsika akufuna kuidula, amangepo mashopu?"

"Ndamva, mayi. Koma anthu anavota okha. Ino ndi demokalase, ambiri akafuna, basi."

"Ambiri ake ati? Ine ndinalipo. Bwana wa mapulani atati ofuna mashopu akweze manja, amayife tinali titangofika, madengu odzaza ali pamutu. Kodi dengu lolemera umaligwira ndi chiyani?"

"Ndi manja."

"Eya, awiri onse! Tinavotera kudula mthunzi wathu womwe, aliyense kawiri."

"Nanga osanena bwanji pomwepo?"

"Zaka makumi atatu tinkangowomba m'manja pamsonkhano. Pakamwa sipazolowera chaka chimodzi, bambo. Tsono khanda langa ndizikaligoneka pati dzuwa likaswa mtengo? Wa shopu ali ndi malata, ine ndili ndi mitengo ya mango ija basi."

"Mayi, pepani. Amene ankawerenga manja tsiku lija ndine. Ndinakondwa kuti amayi a kuno amakonda chitukuko."

"Ndinu? Aa, munthu wa nkhope yabwino chonchi!"

"Nkhwangwa sinakhudze mtengo. Ndikawapempha abwana aja kuti tivotenso Loweruka, nonse mutatula."

"Mwatero, achimwene? Galimoto ija yaima patali. Tandisenzetsani denguli, muone bwino kumene manja amapita munthu akalemedwa."